Giya ya Makina a Bambo

Dokkum, 28 Novembala

Okondedwa achimwene Tjeerd,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Canada sichinakuumitseni zala, poti makalata anu asowa. Kuno tili bwino, koma pali zimene ndinakubisirani.

Makina okandira ufa amene bambo anatisiyira m'bekale muno anathyoka giya sabata yatha, tauni yonse ikudikira masikono a Sinterklaas, chikondwerero cha ana cha kumayambiriro kwa Disembala. Kampani imene inawapanga inatsekedwa kalekale. Mlamu wanu Sjoerd anangoti, "Froukje, zitsulozi zatopa ngati ife tomwe. Titseke basi."

Masiku atatu ndinafufuza pa Intaneti, ndikulemba kuti makina anga akale athyoka, nditani? Ankangobwera otsatsa makina atsopano okhaokha. Ndinalira, sindinama.

Lachinayi kunabwera Mayi Hiltje, aja ankalimbana ndi amayi kukwaya, amene masiku ano amakhalira kufufuza mibadwo ya anthu pakompyuta. Ataona zimene ndinkalemba, anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Froukje, ukuidandaulira kompyutayi ngati ndi abusa? Ilibe chisoni imeneyi. Gwada apo, upeze nambala pachitsulopo."

Ndinagwada, kupala ufa wouma wa zaka makumi anayi, nambala n'kuonekadi.

"Iike pakati pa zizindikiro zogwira mawu, isakubweretsere zongofanana nayo," anatero. "Mawu oti atsopano uwaikire kamzere kutsogolo, ogulitsawo achoke. Ndiye makinawa ngochokera ku Germany, ukufunsiranji m'Chidatchi chathuchi?"

"Mayi, Chijeremani changa chinatsala kusukulu."

"Mawu awiri okha, mwana iwe. Sukukafunsira mbeta."

Zotsatira zinabwera zinayi zokha. Chachitatu chinali cha mkulu wina wa ku Oldenburg, ku Germany konko, amene anasiya kuphika buledi, giya yofanana ndi yathuyo ili phee m'galaja mwake. Sjoerd, wotopa uja, anakaitenga yekha pagalimoto, pobwera akuimba mluzu. Dzulo makina alira monga kale, ndipo mzere wa ogula unakafika pamlatho. Ndanyada, achimwene, ndanyada zedi. Chonde muwatumizire Mayi Hiltje kakhadi, amakufunsani.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Ndinali nditakulemberani kale kalata ina, yopempha kuti mundikhululukire potseka chitseko cha bekale ya bambo. Imeneyo simudzaiona. Ndaiponya mu uvuni m'mawa uno, ndipo buledi wapsa bwino.

Ndine mlongo wanu,
Froukje