Madzi Akuda a Bambo Chisale ndi Nkhwani wa Amayi

KOMITI YA DIMBA, BUNGWE LA AMALAWI OKHALA KU NAIROBI

Tsiku: Loweruka, 14 Meyi 1983
Malo: Kwa Wapampando, Buruburu
Opezeka: Griffin Nkhoma (Wapampando), Edmund Chisale, Reuben Kamwendo, Bessie Matola, Deliwe Mwale (Mlembi)
Osapezeka: Medson Jere (akuti minibasi ya matatu inafera panjira, monga mwezi watha)

1. Msonkhano unayamba 2 koloko masana ndi pemphero.

2. Za fodya. Wapampando anakumbutsa kuti amayi a m'bungweli anabwereketsa theka la dimba lawo la ndiwo kwa Bambo Chisale, katswiri wa nthaka, kuti ayese pa fodya madzi akuda otsala poyenga mafuta a maolivi, omwe anabwera nawo m'zigubu kuchokera ku Tunisia. Pangano linali lakuti fodya akakana, amayi atenganso malo awo.

Bambo Chisale anati popita ku Arusha anasiya malangizo: chitini chimodzi cha madzi akudawo pa zitini khumi za madzi a pampopi. Pobwera anapeza fodya yense atapserera. Mlembi anawamvera chisoni pang'ono.

Bambo Kamwendo, omwe anasiyiridwa ntchito yothirira, anati iwo anakulira m'minda ya fodya ku Kasungu, ndipo kwawo osungunula zinthu ndi madzi ndi ogulitsa mkaka okha. "Chinthu chakwera ndege, a Chisale, ine ndichinyoze ndi madzi a pampopi? Ndinathira chomwecho, mosaumira."

Bambo Chisale anayankha mawu amene Wapampando analamula kuti asalembedwe.

Mayi Matola anati mvula ya mu Epulo inasungunula yokha madziwo n'kuwakokololera kumunsi, m'mizere ya amayi. Anati nkhwani tsopano masamba ake ngati lichero, moti aneba ayamba kunyoza sukuma, ndiwo yawo yamasamba ya kuno ku Kenya.

3. Chigamulo. Anayi kwa mmodzi: dimba libwerere kwa amayi, ndipo Bambo Chisale aitanitse zigubu zina, zothirira nkhwani.

4. Zina ndi zina. Bambo Chisale analumbira kuti nkhwaniwo sadzaulawa mpaka kalekale. Mayi Matola anatulutsa wotendera. Bambo Chisale anapempha kuti zilembedwe kuti mbale yachiwiriyo anaidya mwa kafukufuku chabe.

5. Msonkhano wotsatira: 11 Juni, ku Hurlingham kwa Bambo Kamwendo, omwe apemphedwa kuti tiyi yekha athireko madzi.

Msonkhano unatsekedwa 4:30 madzulo, Bambo Chisale atamaliza kafukufuku wachitatu.

G. Nkhoma, Wapampando
D. Mwale, Mlembi