Zimene Analemba pa Malata

Lolemba, 6 Okutobala

Lero ndapita kunyumba yatsopano, koyamba chiwaikire m'manda bambo a ana. Makoma ali pomwe anawasiyira, mitanda ya denga ikungoyang'ana kumwamba. Malata akadali pabwalo, osanjikizana pa matabwa. Lona lomwe anafunditsa linauluka kalekale.

Malata amenewa ankawanyadira ngati ana. Lililonse ndi awiri ophatikiza, pakati pali thovu lolimba ngati la m'chitseko cha firiji. Ankati m'nyumbamo simudzafunika fani kapena mbaula, kutentha ndi kuzizira zizidzathera padenga. Mlendo aliyense ankamugwiritsa chidutswa kuti amve kupepuka kwake. Ine ndinkawaseka kuti akumanga firiji yogonamo anthu.

Lachitatu, 8 Okutobala

Amisiri okhoma denga abwera kudzaona. Ndi bambo mmodzi wodekha, anavula chipewa pondipepesa. Kenako nkhani yake. Lata lililonse linabwera ndi pulasitiki wopyapyala pamwamba, woteteza penti, ndipo amayenera kumatulidwa msanga. Wakhala padzuwa nthawi yonse ya matenda ndi maliro. Akuti wa malata apamwamba wayamba kale kukakamira, ndipo tikachedwa adzapsera pa penti osachokanso, denga n'kukhala la zipere.

Ndinati palibe vuto, matulani. Ndiye ndinayandikira.

Analembapo. Malatawo anadulidwa kufakitale, lililonse ndi muyezo wake, choncho kuti amisiri asasokoneze, bambo a ana analemba pa pulasitikipo ndi cholembera chakuda komwe lililonse likupita. Munthu wina akanalemba manambala. Iwo ayi. "Kwa chisamba ndi mkamwini." "Kwa zidzukulu, zosabadwa zomwe." "Khitchini, ufumu wa mayi."

Ndawauza amisiri kuti adikire kaye. Sanandifunse chifukwa, anangoyang'ana kumwamba.

Lachinayi, 9 Okutobala

Dzuwa loswa mtengo. Ndakhala ndikuliyang'ana pawindo ngati mdani.

Lachisanu, 10 Okutobala

Chisamba waimba foni ali kuntchito. Ndamufotokozera. Akuti ndingojambula zolembazo pa foni, basi, denga lisaonongeke. Ankalankhula mofulumira, wina akumuitana kumbuyo. Sakunama mwanayu. Koma ndinajambula kale, ndipo pa foni zilembozo zikuoneka ngati za munthu wina aliyense. Pa lata penipeni umaona pomwe dzanja linanjenjemera. Analemba atayamba kale kudwala, osandiuza kuti akulemba chiyani panja nthawi yonse ija.

Mzime sanayankhe foni. Watumiza kachithunzi ka mtima.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndayesa kuwerenga buku. Tsamba lomwe lija la dzulo. Masana denga la nyumba ya lendi ino limachita thethethe ndi kutentha, ndipo bambo a ana ankakweza chala n'kunena kuti kwathu kuja zimenezi kulibe. Lero lachita thethethe, ine ndadikira chala.

Mbale imodzi, kapu imodzi. Kutsuka kumatha madzi asanatenthe n'komwe.

Lamulungu, 12 Okutobala

Ndapitanso ndekha. Ndinayesa kumatula pakona ya lata la zidzukulu, kuti mwina ndidule pomwe pali zolembazo ndisunge. Pulasitikiyo anang'ambika tizidutswa ngati khungu la anyezi, n'kudula mawu pakati. Ndinasiya.

Nditakhala pa njerwa m'pamene ndinazindikira kuti ndawerenga apamwamba okha. La chipinda chathu sindinalione. Lili pansi pa mulu, ndipo ndekha sindingasunthe ngakhale limodzi. Kuti ndiliwerenge, onsewa ayenera kuchoka, ndipo amisiri anati lata lotere salinyamula kawiri, m'mphepete mumaphwanyika. Likachoka pamulu, lamatulidwa, lakwera.

Ndinakhala mpaka mthunzi wa khoma unandipeza. Ndawaimbira amisiri kuti abwere Lachiwiri.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Abwera ndi anzawo m'mamawa. Ndinapempha kuti womatula ndikhale ine. Anandipatsa ndowa ya madzi ofunda a sopo ndi kansalu, n'kundichenjeza kuti ndisayerekeze kupala ndi mpeni.

Ndinkawerenga, kenako n'kumatula. Khitchini inandivuta, zikhadabo zatha. "Kwa mabuku, poti sangatisiye." "Kwa mzime, akadzakumbuka kwawo." Apamwamba onse anachoka zidutswazidutswa, palibe chosunga. Amisiri ankadikira mpaka nditatha, kenako n'kukweza. Mmodzi anati m'moyo mwake sanakhomepo denga lokamba nkhani chotere. Pofika masana theka la nyumba linali ndi mthunzi, ndipo nditalowa kukamwa madzi munali mozizira ngati m'mawa. Ananena zoona bambo aja.

Apansi dzuwa silinawafike. Pulasitiki wake ankachoka wathunthu, mofewa.

Awiri omaliza anali athu. Loyamba: "Kwathu, mbali yanga." Linalo: "Kwathu, mbali ya woliza mkonono."

Ndaseka mpaka kukhala pansi pa fumbi. Zaka zonsezi ndakhala ndikukana, munthu n'kukandinenera pa malata kuti amisiri onse aone. Ndinamatula pang'onopang'ono, n'kupinda, n'kuika m'khwapa.

"Mayi, tikweze liti?" anafunsa amisiri ali pa makwerero.

"Yambani ndi la mkonono," ndinatero. "Ndi langa."