Chithunzi cha m'shedi ya a Hamisi

Ndirande,
Blantyre.
9 Ogasiti 1976

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kukuvutani kukazizira. Nanga mayi, chifuwa chija chinatha? Ine kuno ndili bwino, ntchito ya taipi ikuyenda. Amene sali bwino ndi mwana wanu wamwamuna, ndipo matenda ake ndi a m'mutu.

Mukudziwa kuti achimwene Onesimo amaphunzitsa anyamata kudziteteza madzulo m'shedi ya a Hamisi, akalipentala amene timachita lendi kwawo. Pamenepo ndilibe mawu. Chimene simukudziwa n'chakuti luso lanu lija analipatsa dzina lachilendo, limene eni akewo akalitchula Lolemba, pofika Lachisanu amalitchula mosiyana. Anyamata amauzidwa kuti linachokera ku Japan, kwa nkhalamba ina ya kuphiri. Anakhoma ndi chithunzi chake pakhoma, kuti aliyense polowa aziwerama. Bambo, munthuyo anachita kumudula pa kalendala ya sitolo ya zitsulo za galimoto ku Limbe. Sizasi yake inali yanga.

Ine ndinakula ndikumva zina. Kugwetsana kuja, kogwira m'chiuno n'kupinga mwendo, munaphunzira kwa agogo, amene anabwera nako pochokera kwa Apwitikizi. Nkhonya munakazitenga ku Joni, m'komponi, kwa Msutu uja munkati analibe mano akutsogolo. Kutchinga mutu ndi mkono wamanzere munakutola kwa Mzulu wa ndodo, atayamba wakung'ambani pamphumi. Inu n'kuzisakaniza zonsezo kuseri kwa nkhokwe, ine ndi achimwene tikugubuduzika m'fumbi. Zimene awonjezera iwo ndi kagwedwe ka judo, kamene anaphunzira kwa Bulazala Bonifasi kusukulu, ndi mateche a m'kanema. Sindikana, mateche amawatha. Koma tsiku lina wophunzira wawo atafunsa ngati bambo awo ankazidziwako zimenezi, anayankha kuti bambo awo ndi mlimi chabe wa nandolo. Ndinali pakhonde ndikutsuka mbale. Chiyambire tsiku limenelo amadziphikira okha.

Tsopano imvani. Chithunzi chija anachikoleka pamwamba pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, ati chifukwa msomali unalipo kale pamenepo. Mwana wa Sitandade 1 amadziwa kuti pamwamba pa chithunzi chimenecho sipakhala kanthu, ngakhale wotchi. Lachinayi lapitali a tcheyamani a bulanchi yathu ya chipani anabwera kudzatenga mpando umene a Hamisi ankawakonzera, n'kupeza anyamata ali pamzere, opanda malaya, akuweramira mlendo. Sanakalipe ayi. Anangofunsa kuti bwana ameneyu ndani, ali kuti, nanga anyamatawa akukonzekera kumenyana ndi yani. Achimwene, m'malo monena zoona, anayamba ya nkhalamba ya kuphiri ija, n'kuwonjezera kuti ili ndi ophunzira m'mayiko ambiri. A tcheyamani anangoti, "Mayiko ake ati?" Anachotsa chithunzicho n'kupita nacho. Mpando anausiya.

Awaitana Loweruka la sabata yamawa, achimwene ndi a Hamisi, kuti akafotokoze. A tcheyamani akapanda kukhutira, nkhani ipita pamwamba, ndipo mukudziwa kuti opita kumeneko sitifunsa tsiku lobwerera. A Hamisi, munthu wa ana ang'onoang'ono amene sanaponyepo chibakera chibadwire, sakudya. Akazi awo, mayi Zeinabu, moni wanga sakuuyankhanso, ndipo sindikuwada.

Ndinapita ndekha kwa a tcheyamani, nditanyamula kalendala ija ndi chiboo chake. Anaseka pang'ono, koma anati pepala lobooka silinena amene anaphunzitsa anyamata kupotola mkono wa munthu. Ndinati ndikhoza kuwaonetsa ine ndemwe mmene munatiphunzitsira, atangondibwereka mnyamata mmodzi wa pakhomo pawo. Anati mtsikana wophunzira ngati ine ndisadzichotse ulemu. Akufuna mwini luso, ngati alipodi, amuone ndi maso.

Pempho langa ndi limeneli. Kwerani basi ya Lachisanu la sabata yamawa, ndikakuchingamirani kudepoti. Musaiwale khadi lanu la chipani ndi chithunzi chija munajambulitsa ku Joni mutavala magolovesi. Chipsera cha pamphumicho chibwera chokha. Mukawauze anthuwo za agogo, za Msutu ndi za Mzulu, monga munkatiuzira ife, kuti aone kuti kuseri kwa nkhaniyi kulibe wina koma inu ndi nkhokwe yanu.

Dzulo achimwene anandinyengerera kuti polemba ndisatchule za nandolo zija. Ndinawauza kuti ndizitchula, ndipo ndazitchula. Bwerani mudzawapulumutse, poti ndi mwana wanu ndiponso mlongo wanga, koma musafulumire kuseka nawo. Ayamba kale kupala thabwa la felemu ya chithunzi chanu. Ndawauza kuti msomali ndikhoma ine, m'munsi moyenera, ndipo woyamba kuwerama pamaso pa anyamata onse akhale iwo.

Mundiperekere moni kwa mayi, kwa azakhali a ku Migowi, kwa amalume ndi ana onse. Mayi muwauze kuti mukubwera kudzaonetsa bondo kuchipatala. Zinazi adzazimva mukabwerera.

Ndine mwana wanu,
Bernadeta