Ndinakawaona Aphunzitsi Filomena ku Zóbuè

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira pamodzi ndi alamu. Kuno ku Moatize tili bwino, kungoti fumbi la malasha likuwatsokomoletsa amayi.

Loweruka ndinapita ku Zóbuè kukaona aphunzitsi Filomena, aja ankandiphunzitsa tisanasamuke. Akalamba, koma anandizindikira. "Tomasi, umatsekabe makutu?" anatero uku akuseka. Ndinati inde.

Mukukumbukira kuti phokoso likandikulira ankandilola kukhala panja, n'kumandipatsira kope langa pa zenera? Mawu akuti autizimu, dzina la vuto langali, sankawadziwa, koma ankadikira mpaka ndiyankhe. Bambo atapeza ntchito kumgodi n'kutisamutsa, shikola yaikulu ya kuno inali ndi magetsi ndi mabuku, koma belu likalira ndinkabisala kunsi kwa meza, anzanga n'kumanditcha wamisala. Zimenezi ndinali ndisanawauzepo aphunzitsi Filomena. Nditawauza anati, "Aphunzitsi akumeneko akanangondifunsa ine, mwanawe."

Maso awo sakuonanso bwino, koma akufunabe kuwerenga. Chonde mundipezere galasi lokulitsa zilembo kumeneko, ndikawapatse ndekha mvula isanayambe.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Tomasi