Ndikagona kuphiri, achimwene andiona bwanji?

Aphungu,

Ndiyambe ndi moni, chifukwa pakhomo pa eni sufika ndi dandaulo kumanja. Ine sukulu sindinapondeko. Woyankhula ndine, wolemba ndi mwana wanga Mwajuma, amene ndikukhala naye kuno ku Doha, m'dziko la Kata. Akuti ndifupikitse, koma nkhani yanga ili ndi poyambira pake, ndiye mundipirire.

Ndinabwera kudzalera zidzukulu, poti iye ndi mwamuna wake ali pa ntchito ya mu hotela. Timakhala ku Al Thumama, m'nyumba zosanjikizana zija. Sindikudandaula ayi, ndimadya, ndimagona, alihamudulila. Koma kunja kuno kumatentha ngati pakamwa pa uvuni wa njerwa, ndipo kuzizira kwake n'kwa makina. Ukangozimitsa eyakoni, khalasi, kwatha.

Ine ndinakulira pamwamba pa phiri la Zomba. Bambo athu anali ocheka matabwa, a sowo yaitali ija, wina pamwamba wina m'dzenje. Tinkakhala m'kanyumba ka m'mphepete mwa nkhalango. Nyengo ya chiperoni, mtambo unkalowa m'nyumba osaodira, ngati mnansi wozolowera. Amayi ankakuwa kuti, “Tsekani chitseko, mwalowetsa nkhungu!” Mitengo yake inali ndi ndere zolendewera ngati ndevu za mashehe, ndipo ngakhale mvula isagwe, masamba ankadontha okha, tho, tho. Ine ndi achimwene anga a Umaru tinkapita kukathyola mulunguzi, tizipatso tachikasu tija. Nkhungu ikatseka sitinkaonana. Ndiye iwo ankatsogola akuimba mluzu, ine pambuyo kumatsata mluzuwo mpaka pakhomo.

Mu Januwale kunagwa nkhungu kuno m'mawa wina. Ndinatsika ndi lifiti, kukaima pakati pa magalimoto, n'kuyamba kununkhiza. Aphungu, sinkamveka masamba onyowa ayi. Fumbi ndi mchere basi. Ndinalira mpaka mlonda wa pageti, mwana wa ku Kenya, kundifunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta.

Mu Julaye tikubwera kumudzi, inshala. Maondo ayamba kukana, ndipo ulendo uno ukandiphonya, sindikudziwa ngati ndidzakwerenso. Ndikufuna timasiku pang'ono kuphiri, kopanda phokoso. Koma zimene Mwajuma wandionetsa pafoni, anthu ali ngati pamsika: mabasi a ana asukulu, ojambulitsa zaukwati, masipika. Kodi kudakali malo ofatsa komwe mitengo yachilengedwe inatsala, ndi pogona poti mayi wachikulire wachisilamu n'kugona wopanda manyazi?

Tsopano mumve pamene pali minga. A Umaru anatsika kalekale, ali ku Songani, ndipo ndiwo mwini mbumba yathu. Atamva kuti tikubwera, apaka kale laimu chipinda changa. Ulendo wapitawu sindinapume ngakhale tsiku limodzi. Abale ankangosinthana pamkeka, ena kudzaona wa ku Kata, ena kudzafunsira ana awo ntchito. Tsono ndinawayesa pafoni kuti, “Achimwene, nanga nditakagonako kuphiri?” Iwo anati, “Pa resiti hausi? Chemwali, agogo athunthu inu, ngati mulibe kwanu? Anthu adzati nyumba ya Umaru ili ndi nsikidzi. Kapena mkeka wathu wayamba kukanda, poti mwazolowera matilesi a Aluya?” Anaseka, koma kuseka kumene kuja ndimakudziwa.

Mwajuma akuti, “Mama, tingobuka pafoni mwakachetechete, amalume tiwauze kuti tapita kuchipatala ku Blantyre.” Ine bodza pa ukalamba uno likundilemera. M'mimba mwa amayi athu tatsalamo awiri okha. Ndichite bwanji kuti nkhungu ndiione, achimwene osawataya?

A.B., Al Thumama, Doha

Mayi A.B.,

Poyamba, nzeru ya Blantyre ija itayeni lero lomwe. Mwajuma, poti wowerenga ndiwe, wandimva. Wa kabaza mmodzi akangokuonani mukukhota msewu wa kuphiri, nkhani idzafika ku Songani inu musanavule nsapato. Pamenepo mlandu sudzakhalanso wa resiti hausi, udzakhala wa bodza, ndipo umenewo suchedwa kugawa abale.

Kufuna kupuma si kudzikweza, mayi. Koma mumvetse chimene chikuwawa a Umaru. Iwo akuopa kuti mudzi udzati mlongo wawo wawanyoza. Choncho apatseni ulemu wawo kaye. Fikirani kwawo, gonani m'chipinda cha laimucho, abale abwere akuoneni mpaka mkeka ung'ambike. Kenako, pa awiri, musakapemphe chilolezo chokagona kwina. Mawu oti resiti hausi asatuluke n'komwe. Mukati, “Achimwene, ndiperekezeni komwe bambo ankacheka matabwa, ndekha ndingasochere.” Mwini mbumba sakana kuperekeza mlongo wake. Ndipo iwo akagona chipinda chinacho kuphiri komweko, wojeda adzajeda chiyani?

Za malo. Phirilo ndi lalikulu, koma anthu amaunjikana pafupi ndi damu ndi hotela, makamaka Loweruka, Lamulungu ndi pa maholide. Inu kwerani pakati pa sabata, kumayambiriro a Julaye sukulu zisanatsekere. Musafune malo okhala ndi bala ya mowa. Funani kanyumba kobwereka konse, kodziphikira nokha. Mukatero mudzadya za halali zochokera m'manja mwanu, ndipo mudzaswali popanda wokusuzumirani. Mwajuma asakhulupirire zithunzi za pafoni, zina n'zakalekale. Aimbire mwini malo, atumize vidiyo ya tsiku lomwelo, ndipo afunse ngati galimoto imafika pakhomo penipeni, ngati pali nkhuni, mabulangete ndi madzi otentha. Mukafika ku Zomba, funsani a zankhalango kapena operekeza alendo kuti mitengo yachilengedwe yatsala mbali iti. Zomba ikakanika, nkhalango ya Ntchisi ndi yofatsa, alendo safikako ambiri. Mulanje musiyeni, amafuna maondo.

Ndikuchenjezeni pang'ono. Phiri munalisiya lija si limene mukalipeze. Malo ambiri ndi paini, ena zitsa zokhazokha, ndipo nkhalango yanu yatsala timagawo, makamaka m'mbali mwa mitsinje. Konzekerani mtima. Thupi lanunso lazolowera moto wa kumeneko, ndiye juzi, masokosi ndi mankhwala anu zisatsale. Nkhungu ikatseka, musayende popanda wodziwa njira, chifukwa maphompho sanasamuke.

Koma chiperoni sadula ndi nkhwangwa, mukachipeza. Chikadzatseka m'mawa, tsegulani chitseko chilowe, palibenso wokukalipirani. Kenako muwatume a Umaru atsogole pang'ono, muone ngati mano awo otsalawo angathebe kuimba mluzu.

Phungu wanu