Masamba Otsiriza Anakulungira Mandasi

Lachinayi, ku Champhira. Mphepo ndi fumbi tsiku lonse, mtima kuwawa.

Fomu 4 yonse tili ndi kabuku kamodzi, ka mmphawi amene anatola chuma mwadzidzidzi. Masamba otsiriza wina anakulungira mandasi, choncho kwa ophunzira anga nkhaniyi imathera pomwe munthuyo walemera.

Lero Tiwonge, mtsikana yekhayo amene ndimadalira kuti akhoza mayeso, wabwera kudzatsanzika. Akupita ndi amalume ake kokumba miyala yamtengo wapatali.

Ndamuuza kuti kumapeto chumacho chinasiya mmphawiyo m'misozi.

"Yewo chomene, aphunzitsi," watero. "Koma inuyo amene simunatole kanthu, mbwenu mukuseka?"

Ndi digiri yanga yonseyi ndangomupatsa juzi yanga. Kumigodiko kumazizira.