Zibangili za Amalume

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halaleko pamodzi ndi alamu. Kuno tili bwino, Amayi chifuwa chija chinatha. Amene sali bwino ndi Amalume, koma zawo n'zoziyamba dala.

Pa sitolo ya pa Santhe pamene amalondera paja, mwini wake adagula injini ya magetsi. Mmisiri woiika anakhomera chitsulo chachitali m'nthaka yonyowa, n'kuchilumikiza ku injiniyo ndi waya wa mkuwa. Ananena pamaso pa Amalume kuti magetsi akapulumuka, azitsata wayayo kulowa pansi m'malo molowa mwa munthu.

Mmisiri atangochoka, Amalume anati, "Waya wokongola chonchi azingodyetsa dothi?" Anamudula n'kupinda zibangili za mayi wina wamasiye wa ku Kaomba amene akumufunsira.

Tsiku la msika mayiyo anabwera, injini ikulira. Amalume, pofuna kudzionetsa, anakaitsamira ngati yawo, kuphazi kulibe nsapato. Achimwene, sindinkadziwa kuti Amalume amatha kuvina chomwechija! Anakuwa msika wonse n'kumva, mpaka anakagwera m'dengu la mazira a eni ake. Tinaseka titaona kuti akupuma, koma poyamba ine ndinayesa amwalira. Dzanja lawo likadali la dzanzi, ndipo ntchito inatsala pang'ono kuwathera. Mayi uja zibangili wakana kubweza, Amalumenso wawakana.

Chonde, titumizireniko zibangili zenizeni msanga. Mmisiri waika waya wina, ndipo dzulo ndinawapeza Amalume akuyeza wayayo ndi chala, akuti ku Kaluluma kulinso wamasiye.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu.